Nsapato Izi Muwapatse Bambo

Okondedwa Achemwali anga,

Landirani moni wochuluka kuchokera kuno kutali. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli athanzi, inu, alamu ndi ana onse. Kodi mutu uja unkakusautsani mwezi watha unaleka, kapena mukungolimba nawo monga mwa chizolowezi chanu? Nanga bambo chiuno chili bwanji? Ayamba kuyenda popanda ndodo? Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene limandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti utsikana unapita.

Ndikudziwa kuti mwadabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu woti foni ali nayo m'manja. Lolemba lija ndinakutumizirani uthenga woti mmisiri ayambe wadikira, asaphwanye sitepe ya pakhomo lakuseri la shopu ya bambo yosokera nsapato, inu n'kundiyankha ndi funso limodzi lokha, loti kodi ndapenga. Sindikukuimbani mlandu. Ine ndemwe ndinalamula kuti sitepeyo ichoke bambo atagwerapo, ine ndemwe ndinalalata mpaka bambo analeka kundiyankhula, ndiye lero ndingotembenuka ngati mphepo? Pafoni sindikanatha kufotokoza. Mumadziwa kuti pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, paja bambo sananditche Kamoto pachabe. Papepala mwina ndiyenda pang'onopang'ono. Choncho khalani pansi, ana muwatume akasewere panja, muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Ndiyambe ndi za kuno. Ndikukhalabe m'kachipinda komwe kaja, pamwamba pa sitolo yogulitsa penti, ndi mnzanga uja timamutcha Wailesi. Dzinali silinaphonye. Amayamba kuulutsa mawu asanatsegule maso, ndipo batani lozimitsira sitinalipezebe. Koma ndi munthu wamtima wabwino; sabata imene bondo linatupa ndiye ankatenthetsa madzi n'kumandithowa. Zenera lathu likulowetsa mphepo chapansi, tatsekapo ndi masokosi akale. Mwininyumba akabwera amangoyang'ana masokosiwo n'kugwedeza mutu movomereza, ngati kuti ndiye anatipatsa nzeruyo.

Basi imene inkandisiya pakhomo la kuntchito anaisinthira njira chifukwa akukumba msewu. Akuti amaliza pakatha mwezi, koma mweziwo ndi wachitatu tsopano. Ndiye m'mawa uliwonse ndimayenda wapansi mtunda ndithu, kudutsa pamalo ophika buledi pamene fungo lokha ndi laulere.

Ntchito ndi yomwe ija yokolopa m'nyumba ya maofesi. Ndi nyumba yakalekale ya nsanjika zinayi. Chikepe chilipo koma chimagwira ntchito tsiku limene chakonda, ndiye anthu ambiri amakwera pamasitepe, ine n'kumawatsata ndi chikolopa. Masitepewo ndi amwala, alipo 76, ndinawawerenga tsiku lina nditakwiya. Ambiri ndi okumbika ngati mbale, moti ukakolopa madzi amaima m'menemo, uyenera kubwereranso ndi nsanza youma kuti bwana wina asaterereke. Zaka ziwiri ndakhala ndikutukwana timaenje timeneti. Musatiiwale, tibwererako.

Paja ndinakuuzani kuti Loweruka lililonse m'mawa ndimapita kukalasi ya Chingerezi. Popanda setifiketi yake sangandilole kuyamba maphunziro osamalira odwala, ndipo ine chikolopa chandikwana. Timakumana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, anthu khumi ndi awiri, onse obwera ngati ine, aliyense ndi Chingerezi chake chothyokathyoka. Pali dalaivala wa takisi amene sakhala phee, pali mlonda wofatsa amene amabwera akuchokera kuntchito n'kumagona maso ali chitsegulire, pali mayi wophika kuhotela amene saopa munthu. Aphunzitsi ndi mayi wachikulire woonda, magalasi awo amalendewera pachingwe. Timawatcha Inki Yofiira, chifukwa pepala lako likamabwerera limakhala ngati lachita ngozi.

Mwezi uno anatibweretsera ndakatulo. Akuti pamayeso akubwerawa padzakhala ndakatulo imodzi yakale yachikondi, yoti tifotokoze zifaniziro zake ndi tanthauzo lake. Achemwali, ine ndinapita kumeneko kukaphunzira Chingerezi cha kuchipatala, choti ndizitha kufunsa wodwala pamene pakupweteka, osati cha anthu okomoka ndi chikondi zaka mazanamazana zapitazo. Mizere ndi khumi ndi inayi yokha, koma pa mawu ena ngakhale dikishonale ya pafoni inakweza manja.

Titaimasulira mawu ndi mawu, nkhani yake ndi iyi. Mwamuna akuyankhula ndi mkazi wake. Akuti iye ndi mwala wa pakamwa pa chitsime. Mkaziyo amabwera m'mawa ndi madzulo ndi chingwe ndi ndowa, ndipo chingwecho, podutsa malo amodzimodzi, chacheka mizere yakuya pamwalapo. Nyengo yozizira madzi amaundana m'mizeremo, nyengo yotentha mumadzaza fumbi. Kenako akutchula udzu umene wamera m'kanjira kopita kuchitsimeko. Pomaliza pakudutsa mmisiri wosema miyala, akupempha kuti asalaze mwalawo ukhale ngati watsopano, koma mwamunayo akukana. Basi, yathera pomwepo. Mawu oti ndimakukonda mulibemo ngakhale pamodzi.

Aphunzitsi atafunsa zimene tamva, ine ndinali woyamba kukweza mkono, mukundidziwa. Ndinati bamboyu akudandaula. Mkazi wamuthera mphamvu, akungotunga osabwezera, mpaka wamusiyira zipsera kumaso. Dalaivala anaomba m'manja, akuti mkuluyu mkazi anamuika m'botolo kalekale, ndipo akukana mmisiri poopa kuti akafunsidwa kuti wakusalaza ndani. Mlonda anadzidzimuka kutulo n'kunena kuti chitsime chotere n'choopsa, chikufunika chivundikiro. Mayi wophika uja ndiye anati tonse tikulirira mwala, koma msana wa mkazi wokoka ndowa kawiri patsiku palibe anaulembera ndakatulo. Tinaseka mpaka wa mulaibulale anabwera kudzagogoda.

Kunyumba ndinamufotokozera Wailesi. Iye anati mwamuna wodzitcha mwala sangamulole ngakhale kumuperekeza pabasi. Akuti akufuna womutcha shuga, uchi, kapena nyenyezi, zamiyalazo akazinene kwa omanga nyumba. Ndinaona kuti tagwirizana tonse, ndipo ndinalemba maganizo anga aja papepala modzikhulupirira. Linabwerera ndi zinayi pa khumi. Pansi pake aphunzitsi analembapo kuti bala ndaliona bwino, koma sindinalifunse kuti linabwera bwanji.

Kalasi itatha ndinawatsatira nditatupa ndi mkwiyo. Iwo sanakangane nane. Anangondifunsa mafunso atatu uku akulongedza mabuku. Loyamba, chingwe chimatenga masiku angati kuti chicheke mwala? Ndinati si masiku, ndi zaka, mwina moyo wonse wa munthu. Lachiwiri, kanjira koyendamo munthu kawiri patsiku kamamera udzu liti? Pamenepo ndinazindikira kuti udzu umamera pamene munthu waleka kuyenda. Ndinali ndisanaganizeko n'komwe kuti mkaziyo kulibenso, udzuwo ndinkangouona ngati wokongoletsera ndakatulo. Lachitatu, n'chifukwa chiyani mwamunayo akukana mmisiri? Apo ndiye Kamoto anayaka. Ndinati chifukwa amuna ena ndi aliuma, ndipo ndili naye wina kwathu woteroyo, woti angalole kuthyoka chiuno kusiyana n'kumvera ana ake.

Sanaseke. Anavula magalasi n'kundiuza kuti chifaniziro si ndagi yoti ukapeza yankho basi wathana nayo. Akuti ndi chinthu choti uchinyamule m'manja, uchitembenuze, uone mmene chinagwirira ntchito. Anandipatsa mwayi wolembanso, koma akuti ndisanagwire cholembera ndipeze kaye chinthu chimodzi chakutha m'moyo wanga, ndichiyang'anitsitse. Ndinachoka ndikung'ung'udza kuti zanga zonse ndi zakutha, ndiyambira pati.

Lolemba m'mawa ndinayamba kukolopa kuchokera pamwamba monga mwa masiku onse, anthu asanafike. Nditatsika mpaka pansanjika yachiwiri ndinaima kuti ndifinye chikolopa, n'kukweza maso. Sitepe iliyonse imene ndinakolopa inali ndi kadziwe kake, dzuwa la pazenera likuwala m'menemo. Ndinaona chimene zaka ziwiri sindinachione. Maenjewo sali pakati penipeni, apendekera mbali ya chitsulo chogwirira, kusonyeza kuti anthu okwera pamenepa ankakwera atatopa, dzanja lili pachitsulo. Ndipo ndinakumbukira kuti pansanjika yachinayi, kumene kumafika anthu ochepa, masitepe ndi osakumbika kwenikweni. Ndinaika phazi langa m'kadzenje kamodzi, linakwana ndendende.

Nthawi yomweyo ndinamva mawu a bambo ngati aima kumbuyo kwanga. Mukukumbuka tili ana, kasitomala akasiya nsapato n'kutuluka, bambo ankaitembenuza n'kutiitana? Ankati pamwamba pa nsapato ndi bodza la polishi, zoona zili pansi. Uyu amanyamula katundu kudzanja lamanja. Uyu amaima tsiku lonse malo amodzi. Uyu amapalasa njinga. Uyu chidendene chatha kumbuyo chifukwa amayenda modzikuza ngati msewu ndi wa atate ake. Ife tinkaseka n'kuthamangira pazenera kukaona ngati n'zoona. Inu munkatopa nazo msanga, ine ndinkakhalira mpaka amayi adzandikoke khutu. Munthu ameneyu anandiphunzitsa kuwerenga ndisanadziwe chilembo ngakhale chimodzi, ine n'kukalephera ndakatulo ya mwala wodyeka. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera, anga agonera zaka makumi atatu.

Kenako maganizo anandifikitsa pa sitepe yathu yokumbika ija. Taganizani nane, Achemwali. Makasitomala amalowera khomo lakumsewu, sapondapo. Inu ndi ine tinkangoidumpha, sitinali ana oyenda. Bambo ankadutsapo m'mawa polowa ndi madzulo potuluka, tsiku lonse ali pampando. Ndani ankayendapo kakhumi patsiku, si amayi kodi? Tiyi wa m'ma teni, chakudya chamasana, tiyi wa m'ma folo, kutenga nsapato zomata guluu kukaziyanika, kuzibweza mvula ikayamba, kapena kungokaima pakhomo kuwauza nkhani ya kwa aneba imene bambo sanafunse. Zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndipo dzenjelo lili kumanzere, chifukwa amayi ankatsamira mwendo wakumanzere n'kumakoka chidendene. Paja tikamayerekeza kayendedwe kawo ankatithamangitsa ndi tsache n'kumati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Dzenje lija silinabwere chifukwa cha simenti yoipa yokha, ngakhale inali yoipadi poti bambo anaisakaniza okha. Limene lija ndi phazi la amayi.

Chimene chinandigwetsa pansi ndi ichi. Bambo amayenda choongoka, nsapato zawo zimatha mofanana mbali zonse, ndipo ankanyadira zimenezo. Sitepe ndi yotakata, kumanja kuli malo osalala okwana phazi la munthu wamkulu. Nanga tsiku lamvula limene anagwa lija, phazi lawo linkafuna chiyani kumanzere, m'dzenje modzaza madzi? Ine ndikuganiza kuti sanaphonye. Ndikuganiza kuti chimwalirireni amayi chaka chatha, bambo akumaponda dala m'menemo. Sindinaone ndi maso, inu ndinu muli pafupi. Mawa m'mawa muime pazenera la kukhitchini osawauza, muone pamene akuponda.

Ndinakhala pansi pamasitepe onyowawo n'kulira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Kapitawo wathu anandipeza choncho n'kuganiza kuti ndaterereka. Anathamanga kukatenga fomu ya ngozi, akundifunsa kuti ndagwera pa sitepe yachingati ndipo pakupweteka ndi pati. Ndikanamuuza bwanji kuti ndagwetsedwa ndi ndakatulo? Ndinangoti ndi bondo, iye n'kundipatsa theka la ola loti ndipume. M'theka la ola limenelo ndi mmene ndinakutumizirani uthenga uja.

Mawu amene ndinawayankhula bambo munawamva, poti foni inali m'manja mwanu, koma ndiwalembe kuti ndiwaone ndi maso anga. Iwo anali atangotuluka m'chipatala. Ine ndinati sitepe iphwanyidwe, pathiridwe simenti yatsopano. Iwo anangoti pamenepo pasagwiridwe. Nditafunsa chifukwa, anabwereza zomwezo. Ndiye ndinawauza kuti amayi anakhala nawo zaka zonse zija osamvako mawu okoma ngakhale amodzi, kuti pamaliro sanagwetse msozi, ndipo lero akufuna kutionetsa chikondi pa chidutswa cha simenti. Munati anakubwezerani foni mwakachetechete n'kupempha ndodo yawo. Kuyambira tsikulo ndikaimba mumati ali ndi kasitomala, ngakhale Lamulungu. Miyezi itatu tsopano. Ndikuchita manyazi, Achemwali, ndipo ndawasowa kwambiri.

Chimene chikundiwawa n'chakuti umboni ndinali nawo. Kodi amayi anayamba apemphapo kuti nsapato zawo zikonzedwe? Chidendene chakumanzere chikangoyamba kupendekeka, m'mawa ankazipeza pakhomo zitaikidwa mphira watsopano, zitapolishidwa, ngakhale sabata imene makasitomala anali pamzere. Amayi ankangozivala osanena kanthu, kenako tiyi wa tsiku limenelo ankapita ndi shuga wowonjezera. Ine ndinkafuna mawu ngati a m'mafilimu, ndiye ndinaganiza kuti m'nyumba mwathu munalibe chikondi. Chinalimo, kungoti chinkanunkha guluu.

Mukukumbukanso tsiku lotsatira titaika maliro? Nyumba ili yodzaza ndi abale, tinamva nyundo ikulira kushopu. Ine ndinaluma mano, ndinati taonani munthu wopanda mtima, mkazi wake sanazizire n'komwe iye wayamba kale ntchito. Nditabwerera kuno munandiuza kuti nsapato za amayi za kutchalitchi zija mwaziona pashelefu ya nsapato zokonzedwa, zodikira eni ake. Ndinayankha kuti mwina akufuna kuzigulitsa. Taonani mmene mkwiyo umapusitsira munthu. Ngati zikadali pamenepo, musazichotse popukuta fumbi.

Loweruka lapitali ndinapereka pepala lachiwiri. Ndinalemba kuti mizere ya pamwala ikuwerenga maulendo amene mkaziyo anabwera, ndipo mwamunayo akukana mmisiri chifukwa mwala ukasalala zikhala ngati mkaziyo sanabwerepo n'kamodzi komwe. Madzi oundana ndi fumbi ndinati ndi zimene zimalowa pamalo a munthu akachoka; zimapweteka, koma zikulowa poti malowo alipo. Ndinawonjezeranso changa cha mwana wa wosoka nsapato, kuti palibe chimene chimadya chinzake icho osadyeka. Ngati mwala unachekeka, chingwe nacho chinaperepeseka, manja a mkazi nawo anatuluka matuza, ndiye mayi wophika uja sanalakwe.

Aphunzitsi anati za chingwezo sanaziganizirepo pa zaka zonse zimene aphunzitsa ndakatuloyi. Anandiuza kuti ndiwerenge pamaso pa onse. Ndinawerenga, ndipo nditafika pa sitepe ya kwathu dalaivala sanaponye nthabwala, anangoyang'ana panja n'kumasisita kiyi wa galimoto. Pondibwezera pepala ndinaona koyamba kuti wotchi ya aphunzitsi ndi yachimuna, yaikulu, ndipo lamba wake anamuboola dzenje lina ndi msomali kuti ikwane pamkono wawo. Sindinafunse, ndayamba kuphunzira kutseka pakamwa. Koma musaganize kuti ndasanduka katswiri. Pepalalo linabwererabe litafiira, akuti maganizo afika koma galamala ikubwera wapansi. Mayeso enieni ndi mwezi wamawa, mundipempherere.

Tsono ndisanapemphe chimene ndikupempha, ndinene ichi. Kulamula uli kutali n'kosavuta. Amene munawatola pansi m'matope ndinu. Amene munawadikirira m'chipatala masabata awiri, kusiya ana ndi alamu, ndinu. Amene mumadzidzimuka mukamva chinthu chagwa kushopu ndinu. Mukandiuza kuti ndakatulo sinyamula munthu wothyoka chiuno, sindingakutsutseni. Mantha anu ndi oona, ndipo nanenso ndili nawo. Sindikufuna kusunga phazi la amayi n'kutaya bambo.

Pempho langa ndi ili. Mmisiri abwere ndithu kumapeto kwa mwezi monga munapangana, koma asabwere kudzaphwanya. Aike chitsulo chogwirira mbali zonse ziwiri za sitepe, paipi wamba yokwana m'dzanja, yozikika bwino m'khoma ndi pansi. Pamwamba akhomepo lata limodzi kuti mvula isamafikepo, ndipo nsanza youma izikhala pamsomali chapafupi. Kuno masitepe okumbika aja anthu amakwera tsiku ndi tsiku, okalamba omwe, ndipo chiyambireni ine ntchito palibe wagwapo, chifukwa pogwira palipo ndipo madzi sitiwalola kukhalitsa. Alamu amadziwa za zitsulo kuposa ine, muwaonetse ndime ino. Mukaona kuti sizingatheke, tiyankhulane kaye, koma nyundo isagwe pamenepo bambo asanavomere ndi pakamwa pawo.

Kalata ino ikubwera ndi mlamu wake wa Wailesi, woyendetsa lole, pamodzi ndi kaphukusi. Musayembekezere zabwino, muli nsapato zanga zakuntchito, zakuda zija, zakutha. Lolemba lomwe lija nditafika kunyumba ndinazivula n'kuzitembenuza, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chichokereni kwathu. Achemwali, chidendene chakumanzere chadyeka chakunja, ndendende ngati cha amayi. Zaka zonsezi ndimayenda ngati iwo osadziwa. Kuno osoka nsapato alipo, wina ali pakona pomwepa ndi makina ake aphokoso. Koma izi si zopita kwa iye.

Muwapatse bambo. Musawawerengere kalata ino, ndipo musandipepesere. Ndikudziwa kuti inu mumatha kukometsa mawu kuposa ine, koma mawu ndi amene anawononga. Mungoziika pathebulo lawo pakati pa nsapato zina, n'kunena kuti kasitomala wakutali wati sakufulumira. Akazitembenuza adziwa mwini wake. Aona kuti ndimakwera masitepe, kuti ndowa ndimanyamulira kumanja, kuti bondo likundivuta, ndiponso kuti ndine mwana wa ndani. Zimene ndalephera kunena miyezi itatu awerenga okha, paja kuwerenga kotere ndi kwawo.

Akazisoka, wa lole adzadutsanso pakatha masabata atatu, mudzampatse. Akazikankhira pambali, musandibisire pofuna kundisunga mtima. Zisiyeni pomwepo pathebulo, ndidikira. Pakadali pano ndikuvala za Wailesi, zazikulu ndi nambala imodzi, ndaikamo nyuzipepala kutsogolo, ndipo mwini wake akulengeza nkhaniyi kwa aliyense wa m'nyumba muno.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa choperekeza bambo ulendo uliwonse wa kuchipatala osadandaula. Ana muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwakumbuka, ndipo wachisamba alimbikire sukulu, ndakatulo asamazithawe ngati ine. Azakhali muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndawapeza, ali pansi pa phukusi, koma nsapatozo asazilakelake, si zawo. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa aneba akuseri amene amayi ankakatengako nkhani, ndi kwa onse ondifunsa. Inuyo mudzisamale, mutuwo mupite nawo kuchipatala, musamangomeza mapiritsi.

Bambo sindikuwalembera moni muno. Moni wawo uli m'phukusimo.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Kamoto